Mmene Wojambula Angayambire Kujambula Zomera Molondola ndi Utoto wa Madzi

Anthu ambiri amene ali ndi luso lojambula nkhope za anthu, mapiri ndi midzi amadabwa akayesa kujambula duwa limodzi lokha n'kupeza kuti lawakanika. Chithunzicho chimatha kukhala chokongola ndithu, koma mlimi kapena katswiri wa zomera akachiyang'ana amafunsa kuti chomeracho n'chamtundu wanji, ndipo funso limeneli ndi limene limasiyanitsa maluwa okongoletsa khoma ndi chithunzi cholondola cha chomera. Kawirikawiri vuto silikhala dzanja la wojambulayo, koma ndondomeko ya ntchito yake. Amathamangira utoto asanayeze chilichonse, duwa n'kufota ntchito ili pakati, kenaka amamaliza ndi zimene akukumbukira m'malo mwa zimene maso ake anaona. Malangizowa akutsata ndondomeko yopewera zimenezi, ndipo chitsanzo chake ndi therere lobala, lomwe limapezeka m'minda ndi m'madimba ambiri, komanso duwa lake limangokhala tsiku limodzi, motero silipatsa wojambula mpata wozengereza.

Zipangizo zofunika

Pepala ndiye chinthu chimene simuyenera kuumirirapo ndalama. Funani pepala la watercolour (utoto wa madzi) lopangidwa ndi thonje, lolemera 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), lolembedwa kuti hot pressed kapena HP, chifukwa limeneli ndi losalala ndipo limalola mizere yopyapyala ngati tsitsi. Mitundu yodziwika ndi Arches, Fabriano Artistico ndi Saunders Waterford. Pepala lotere silipezeka wamba, choncho mukapeza limodzi lalikulu, mwina kudzera mwa m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku London, lidulenidulenitu kuti tizidutswa tina tikhale toyeserapo mitundu.

Utoto ukhale wa watercolour, ndipo mitundu isanu ndi umodzi ndi yokwanira: wachikasu uwiri, wofiira uwiri ndi wabuluu uwiri. Poyambira pabwino ndi lemon yellow, cadmium yellow, permanent rose, scarlet lake, French ultramarine ndi phthalo blue. Musagule wakuda, woyera kapena wobiriwira wosakaniziratu. Yang'anani pachubu ngati pali chizindikiro cha ASTM I kapena II, chomwe chimasonyeza kuti utotowo susuluka msanga ndi kuwala.

Maburashi akhale atatu obulungira a nsonga yosongoka, a nambala 1, 3 ndi 6. Burashi yabwino mukainyowetsa n'kuiwaza kamodzi imabwerera yokha kukhala ndi nsonga imodzi, ndipo imene ikuchita mphanda isiyeni m'sitolo momwemo.

Zotsalazo n'zosavuta kupeza: mapensulo a 2H ndi HB, labala lofewa, lula yosonyeza mamilimita, kachida kansonga ziwiri kamene kamakhala m'kabokosi ka zida za masamu, galasi lokulitsa zinthu ka 10, lezala, buku la mapepala oyera, pepala loonekera mkati, mbale yoyera yadothi yosakanizirapo utoto, mabotolo awiri a madzi, kansalu koyera kopukutira burashi, ndi katoni yoyera yoimika kuseri kwa chomera.

1. Sankhani chomera chimene chidzakhala nanu kwa milungu ingapo

Ntchito imodzi yabwino imatha kutenga masiku ambiri, choncho mufunika chomera chimene chizikupatsani duwa lina loyamba likafota. Bzalani therere lobala m'zidebe zitatu kapena zinayi, ndipo pakatha pafupifupi miyezi iwiri lidzayamba kumasula maluwa motsatizana. Ubwino wa chidebe ndi wakuti mukhoza kuchinyamula n'kulowa nacho m'nyumba chomeracho chili chamoyo, osachidula.

Chenjezo pano ndi lokhudza mtima wofuna kuyamba ndi zosowa. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo ku Mulanje kuli mkungudza umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, koma zomera za m'malo otetezedwa sizithyoledwa popanda chilolezo, komanso n'zovuta kwa woyamba. Zimenezo mudzazipeza dzanja litazolowera.

2. Chiyang'aneni ndi kulemba musanajambule mzere uliwonse

Gawo ili ndi limene ojambula aluso amalidumpha kwambiri, pamene ndi limene limasunga ntchito yonse. Khalani ndi chomeracho ola lathunthu muli ndi buku ndi galasi lokulitsa, ndipo yankhani mafunso mwa kuwerenga, osati mwa kuganiza. Kodi pamfundo iliyonse ya tsinde pakutuluka tsamba limodzi kapena awiri oyang'anizana? Pa therere lobala pamatuluka limodzi, ndipo lotsatira limatulukira mbali ina. Kodi tsambalo lagawikana zala zingati, ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala kapena muli timano? Kodi duwa likutuluka pati? Mudzaona kuti likutuluka pamphanda pamene kaphesi ka tsamba kakumana ndi tsinde, ndipo mukaliika pena paliponse mwajambula chomera chimene kulibe.

Tsegulani duwa limodzi ndi zala. Mupeza timasamba tisanu tachikasu chowala, kalikonse kataphimba m'mphepete mwa kanzake mozungulira mbali imodzi, ndipo kunsi kwa kalikonse kuli banga lofiira moderako. Pakati pali kamtengo kokutidwa ndi timatumba ta mungu, ndipo kunsonga kwake kuli timitu tofiira tooneka ngati nsalu yaubweya. Lembani zonsezi m'mawu anuanu pamodzi ndi manambala ake.

Pezaninso dzina la sayansi la chomeracho, chifukwa dzina lathu la tsiku ndi tsiku lokha silikwanira. Mawu akuti therere amatchulira zomera zingapo zosiyana, ndipo denje, lomwe nalonso ndi therere pa mbale, si chomera chimodzi ndi therere lobala. Lobalali limatchedwa Abelmoschus esculentus, ndipo lili m'banja la Malvaceae pamodzi ndi thonje ndi chidede, n'chifukwa chake maluwa a zomera zitatuzi amafanana kamangidwe. Mukakumana ndi chomera chakutchire chimene simukuchidziwa, akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba ndi amene ntchito yawo ndi yozindikira zomera.

3. Konzani malo ndi kuwala

Khalani pafupi ndi zenera limene silikulowetsa dzuwa mwachindunji, ndipo kuwala kubwere kuchokera kumanzere kwanu ngati mumalembera dzanja lamanja, kuti mthunzi wa dzanja usagwe pamene mukujambula. Tsekani zenera lina lililonse ndi kuzimitsa magetsi, popeza kuwala kochokera mbali ziwiri kumapha mithunzi ndipo chomera chimaoneka chophwatalala. Imikani katoni yoyera kuseri kwake, kwezani chidebe kuti duwa lifanane ndi maso anu, kenaka lembani ndi choko pamene pali chidebe ndi miyendo ya mpando, kuti mawa mudzabwerere pamalo omwewo. Ngati mukujambula nthambi yodula, iduleni m'mamawa, iikeni m'madzi nthawi yomweyo, ndipo iduleninso pang'ono kunsi ili m'madzimo.

4. Yezani, kenaka jambulani ndi pensulo

Jambulani chomeracho mu msinkhu wake weniweni. Tsinzinani diso limodzi, gwirani kachida kansonga ziwiri patsogolo penipeni pa chomera ngati kuti pali galasi loima pakati pa inu ndi icho, yezani utali ndi mulifupi mwa duwa, ndipo ikani muyesowo papepala monga timadontho. Miyeso yonse itengedwe pa galasi longoganiziralo. Mukamalowetsa kachidako mkati mwa masamba kuti mukayeze lakumbuyo, lidzatuluka lalikulu kuposa mmene diso likulionera, ndipo chithunzi chonse chidzasokonekera.

Yambani ndi duwa, chifukwa ndi limene lifote poyamba. Duwa la therere lili ngati fanulo. Likakuyang'anani, kukamwa kwake kumakhala kozungulira, koma likatembenukira kumbali kumaoneka ngati dzira, ndipo pakati pake pamasunthira mbali imodzi. Jambulani fanuloyo mopepuka, lembani mzere wochokera pa kaphesi kudutsa pakati pa duwa, ndipo pokhapo mugawe timasamba tisanu tija.

Pa tsamba, yambani ndi mtsempha wapakati, kenaka mitsempha ikuluikulu yopita ku zala zake, ndipo m'mphepete mukhale momalizira. Tsamba likapindika n'kuonetsa kunsi kwake, jambulani mtsempha wonse ngati kuti tsambalo likuonekera mkati, kenaka fufutani mbali yobisika. Mukapanda kutero, mtsempha umene walowa m'mpindo ndi umene watulukamo sadzakumana, ndipo tsambalo lidzaoneka lothyoka. Tsamba limene lakulozani limaoneka lalifupi kwambiri, ndipo mtima udzakuuzani kuti mulitalikitse. Khulupirirani muyeso.

5. Sungani mitundu duwa lisanafote

Musanapite patali ndi pensulo, sakanizani mitundu ya duwa ndi kuipaka pa kachidutswa ka pepala lomwelo limene mudzajambulepo. Dikirani uume, chifukwa utoto wa madzi ukauma umawala kuposa mmene unalili uli wonyowa, kenaka ikani kapepalako pafupi ndi duwa n'kufananitsa. Mukapeza mtundu wolondola, lembani pambali pake utoto umene mwasakaniza. Chikasu cha duwa la therere ndi lemon yellow wamadzimadzi kwambiri, pamene banga lapakati limafuna permanent rose wosakaniza ndi French ultramarine pang'ono ndi kadontho ka wachikasu.

Kubiriwira kumafuna kuleza mtima. Wachikasu ndi wabuluu okha amapereka mtundu wolusa umene suli pa tsamba lililonse la m'munda, choncho onjezerani kadontho ka wofiira kuti ukhazikike. Yesani mitundu itatu, wa pamwamba pa tsamba, wa kunsi kwake umene umakhala wotuwirako, ndi wa tsamba lanthete. Kujambula chomeracho ndi foni n'kothandiza pokumbukira mmene chinaimira, koma musatengepo mitundu, popeza foni imaisintha yokha malinga ndi kuwala.

6. Yalani zigawo ndi kuzisamutsira pa pepala labwino

Dindani zimene mwajambula pa pepala loonekera mkati, dulani chigawo chilichonse pachokha, ndipo zisunthenisunthe mpaka nthambi, duwa, duwa losamasula ndi chipatso zitakhala bwino popanda kupanikizana. Onetsetsani kuti tsamba limodzi likuonetsa kunsi kwake ndiponso kuti pali malo a zigawo zodula. Mukakhutira, matani pepala loonekeralo pa galasi la zenera masana, ikani pepala labwino pamwamba pake, ndipo tsatirani mizere ndi pensulo ya HB yosongoka. Musatsindike, chifukwa pensulo yolimba imakumba timingalande momwe utoto umadzasonkhana n'kupanga mizere yakuda imene sichoka. Kufufutafufuta nakonso kumakanda pepala ndipo utoto umadzakhala mawangamawanga. Kuyambira pano ikani kapepala koyera pansi pa dzanja lanu, popeza mafuta a pakhungu amakaniza utoto kulowa.

7. Pezani kuwala ndi mthunzi ndi pensulo yokha

Pa pepala lina, detsani duwa limodzi ndi tsamba limodzi ndi pensulo, kuyambira poyera penipeni mpaka pakuda kwambiri. Zimenezi zimatenga mphindi zochepa, koma zimakuuzani pamene muyenera kusiya pepala losapaka, chinthu chimene simungachikonze utoto ukalowa.

8. Pakani utoto woyamba

Mu utoto wa madzi, kuyera konse ndi pepala lenilenilo. Nyowetsani kasamba kamodzi ka duwa ndi madzi oyera, dikirani mpaka madziwo asiye kuyandama koma pepala likadali lonyezimira, ndipo gwetsanimo utoto wosungunuka ngati tiyi wopanda mkaka, kuyambira kumene kuli mthunzi, n'kusiya malo owala osakhudza. Kenaka dumphani kasamba koyandikana nako n'kupita pa kachitatu, chifukwa timasamba tiwiri tonyowa tikakhudzana utoto umawolokera kwina. M'miyezi yotentha ngati Okutobala pepala limauma mofulumira kwambiri, choncho nyowetsani malo aang'ono, ndipo ngati n'kotheka gwirani ntchito m'mawa.

Mithunzi ya duwa lachikasu ndi pamene ambiri amaononga ntchito. Mukaikapo wotuwa wochokera ku utoto wakuda, duwalo limathimbirira ngati nsalu yochapidwa m'madzi amatope. Sakanizani mthunzi kuchokera ku wachikasu, wofiira ndi wabuluu, ukhale wamadzimadzi kwambiri, ndipo uyeseni kaye pambali. Ine ndimakonda kuika mthunzi wopepukawu poyamba, kuusiya uume, kenaka n'kupaka chikasu pamwamba pake, popeza motero chikasucho chimakhalabe choyera.

9. Onjezerani utoto pang'onopang'ono

Musapake kachiwiri poyamba pasanaume. Gundani pepala ndi kuseri kwa chala, ndipo likamamveka lozizira dziwani kuti likadali ndi chinyontho. Mukapaka pamenepo, utoto wapansi umadzuka n'kusakanikirana ndi wapamwamba, ndipo pamatsala banga looneka ngati mapu.

Masamba amafuna nthawi yochuluka kuposa duwa, ndipo pa chithunzi cha therere ndi amene amatenga malo aakulu. Yambani ndi utoto wobiriwira mowala pa tsamba lonse, umene udzakhale mtundu wa mitsempha. Ukauma, pakani wobiriwira woderako pakati pa mitsempha, chigawo chimodzi chimodzi, n'kusiya mitsemphayo ngati timizere towala tomwe tikunka tiwonda polowera m'mphepete. Chigawo chilichonse chili ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, ngati mizere ya m'munda dzuwa likapendeka, ndipo mukasunga zimenezi tsamba limatukuka papepala. Yang'ananinso ngati tsambalo ndi lonyezimira. La mango limanyezimira ndipo limafuna buluu wopepuka m'malo owala, koma la therere lili ndi tiubweya ndipo kuwala kwake n'kofatsa, motero mukalinyezimiritsa mwalisandutsa tsamba la chomera china.

Pomaliza gwiritsani ntchito burashi yaing'ono yokhala ndi utoto wochepa. Iviikeni, ipukuteni pa kansalu mpaka itatsala pang'ono kuuma, ndipo lembani timizere tating'onoting'ono totsatira kumene tsamba kapena duwa likukulira. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma ndi imene imabweretsa kuderako kwa pansi pa masamba ndi kwa mkati mwa duwa popanda kusokoneza zimene munapaka kale. Musasongole burashi ndi milomo, chifukwa utoto wina, monga wa cadmium, uli ndi poizoni.

10. Onetsani za mkati ndi muyeso wake

Dulani chipatso chopingasa ndi lezala, werengani zipinda zake, zomwe kawirikawiri zimakhala zisanu ngakhale mitundu ina imakhala ndi zoposa pamenepo, ndipo jambulani zimene mwapeza pa chipatso chanucho. Dulaninso duwa lina mulitali kuti kamtengo ka mungu ndi kachipatso kakang'ono kunsi kwake zionekere, ndipo jambulani njere imodzi mokulitsa. Pambali pa chinthu chokulitsidwa lembani kamzere kosonyeza utali weniweni, mwachitsanzo mamilimita 5, m'malo molemba kuti mwakulitsa katatu, chifukwa chithunzicho chikadzachepetsedwa m'buku kapena pa foni, kamzereko kadzachepa nacho limodzi n'kukhalabe koona.

11. Lembani ndi kusunga

Lembani ndi pensulo dzina la sayansi, dzina la Chichewa, malo amene chomeracho chinamera ndi tsiku. Sungani chithunzicho chogona pakati pa mapepala oyera, kutali ndi dzuwa, chinyontho cha m'dzinja, mphemvu ndi chiswe.

Kuchoka pa chithunzi chimodzi kufika pa ntchito yodziwika

Chithunzi chimodzi sichisonyeza kuti munthu wakhwima, choncho sankhani mutu umodzi, monga ndiwo zamasamba za kwanu kapena zipatso zakutchire ngati masuku, masau, bwemba ndi malambe, n'kujambula zithunzi zisanu ndi chimodzi zofanana kukula ndi kalembedwe. Nambala imeneyi ndi imene bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain limafuna kwa munthu woonetsa ntchito pa chionetsero chake, ndipo oweruza amayang'ana ngati zonsezo zili pa mlingo umodzi. Zipatso zakutchire zidzakuphunzitsaninso kudikira, popeza duwa ndi chipatso sizibwera mwezi umodzi, ndipo pepala limodzi lingafune kuti mulibwerere patatha miyezi ingapo.

Phunzirani poyang'ana ntchito za ena mwachidwi. Magazini ya Curtis's Botanical Magazine yakhala ikutuluka kuyambira 1787, ndipo zithunzi zake zakale zimapezeka kwaulere pa intaneti mu Biodiversity Heritage Library. Mabuku a Flora Zambesiaca, omwe anayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, ali ndi zojambula za inki zosonyeza bwino kadulidwe ndi kayalidwe ka zigawo. Ku Kew, munda waukulu wa zomera mu London, kuli Shirley Sherwood Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi imene inatsegulidwa mu 2008 kaamba ka luso limeneli, ndipo ku South Africa kuli bungwe la Botanical Artists Association of Southern Africa. Amene akuona ngati achedwa adziwe kuti Margaret Mee, wojambula zomera wotchuka wa ku Britain, anapita ulendo wake woyamba wokajambula zomera ku nkhalango ya Amazon ku Brazil mu 1956 ali ndi zaka 47. Koma woweruza wanu woyamba ali pafupi: onetsani chithunzi chopanda dzina kwa mayi amene wakhala akulima ndiwozo zaka zambiri, ndipo akazengereza kutchula dzina lake, mufunseni chimene chikumukayikitsa.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kukongoletsa chomera mpaka kuchinamiza. Wojambula amawongola tsinde, amafananitsa masamba onse, kapena amaonjezera kasamba kachisanu ndi chimodzi pa duwa kuti lioneke lodzaza. Kusiya tsamba lodyedwa ndi mbozi n'kololedwa ngati mwasankha lina lathanzi pa chomera chomwecho, koma kusintha chiwerengero kapena malo a chigawo n'kulakwa kumene katswiri amakuona asanaone china chilichonse.

Chachiwiri ndi kuopa kuda. Oyamba ambiri amalekeza ntchito ili yotumbululuka, masamba onse ali mtundu umodzi, poopa kuononga zimene achita. Jambulani chithunzi chanucho ndi foni n'kuchisintha kuti chikhale chakuda ndi choyera, kenaka chifananitseni ndi chija munadetsa ndi pensulo, ndipo mudzaona pamene pakufunika kuderako. Ena amalakwa mbali inayo mwa kuzunguliza tsamba lililonse ndi mzere wakuda ngati chithunzi cha m'buku la ana, pamene m'mphepete mwa tsamba muyenera kuoneka chifukwa cha kusiyana kwa kuwala ndi mthunzi.

Palinso kuiwala malo olumikizira. Maso amathamangira ku duwa, ndipo pamene tsamba lakumana ndi tsinde kapena pamene chipatso chagwira kaphesi pamangopakidwa mwachisawawa, chonsecho m'malo amenewa ndi momwe muli zizindikiro zosiyanitsa mitundu. Kutsatira chomera chikamasuntha nakonso kumaononga ntchito, chifukwa masamba ndi maluwa amatembenukira ku zenera tsiku likamapita. Mukamaliza kujambula ndi pensulo, kaimidwe kake kakhale kameneko, ndipo chomera chamoyo chizingokuuzani mtundu ndi kaonekedwe ka khungu lake.

Chomaliza n'chaching'ono koma chimathimbiritsa ntchito zambiri, ndicho madzi akuda. Botolo limodzi likhale lotsukira burashi, linalo la madzi oyera osungunulira utoto ndi kunyowetsera pepala, ndipo musinthe madzi onse musanachoke pa masamba kupita pa duwa lachikasu.